Mabuku a malangizo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi: Samuel Smiles, Samuel Nthara ndi tanthauzo la kudzithandiza

Pakati pa mitundu ya mabuku imene inafika ku Malawi pamodzi ndi sukulu za mishoni pali mtundu wina umene akatswiri a zolembalemba sautchula kawirikawiri, ndiwo mabuku a malangizo, kutanthauza mabuku amene cholinga chake ndi kuuza wowerenga mmene angakonzere khalidwe lake, ntchito yake ndi pakhomo pake. Ku Ulaya munthu amene anatchukitsa mtundu umenewu anali Samuel Smiles, dokotala wa ku Scotland amene anasiya za mankhwala n'kukhala mtolankhani, ndipo dzina la buku lake la mu 1859, Self-Help, lomwe m'Chichewa tingati kudzithandiza, ndilo linasanduka dzina la mabuku onse otere. M'dera la mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mlembi amene ntchito yake ikuyandikana kwambiri ndi ya Smiles ndi Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Dutch Reformed, amene pa zikuto za mabuku ake akale dzina lake linalembedwa kuti Ntara. Onse awiri anagwiritsa ntchito njira imodzi, yolemba mbiri ya munthu kuti ena atolepo nzeru, koma pamene ngwazi za Smiles zinkadzikweza zokha kuchoka mu umphawi, munthu amene Nthara anamusankha ankayesedwa ndi mudzi umene anaudyetsa, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumafotokoza chifukwa chake mawu akuti kudzithandiza ali ndi tanthauzo lakelake kuno kwathu.

Achewa sanadikire buku kuti adziwe kulangiza. Mtsikana akatha msinkhu ankaperekedwa m'manja mwa anamkungwi, amene ndi amayi akuluakulu osunga mwambo wa chinamwali, mnyamata ankalowa kudambwe, komwe ndi malo obisika a gule wamkulu, ndipo anthu olowa m'banja ankakhazikidwa pamphasa ndi ankhoswe awo kuti amve za ulemu, za khasu ndi za kasungidwe ka nkhokwe. Malangizo onsewa anali a pakamwa, operekedwa ndi munthu wodziwika kwa munthu wodziwika, pamaso pa mboni ndiponso pa nthawi yake, ndipo wolangizayo ankakhala m'mudzi momwemo n'kumaona ngati mawu ake amera kapena agwera pathanthwe. Buku linabweretsa chinthu chachilendo, chifukwa limalankhula ndi munthu amene mlembi sanamuonepo, ali yekhayekha pakhonde, ndipo silingamutsine khutu mawa lake akalakwa. Mlembi wa malangizo aliyense, kaya wa ku Leeds ku England kaya wa ku Nkhoma, anayenera kupeza china cholowa m'malo mwa maso a mudzi, ndipo chimene Smiles anapeza chinali chitsanzo cha munthu weniweni.

Smiles anabadwa pa 23 Disembala 1812 m'tauni ya Haddington, kum'mawa kwa mzinda wa Edinburgh, m'banja la ana 11. Anasiya sukulu ali ndi zaka 14 n'kuyamba kuphunzira ntchito kwa dokotala wina wa m'tauniyo, kenaka mu 1829 anapita ku yunivesite ya Edinburgh kukaphunzira za udokotala. Mu 1832 mliri wa kolera unapha bambo ake, ndipo mayi ake ndiwo anatsala akuyendetsa sitolo ya banjalo ndi kulera ana onse, chinthu chimene mwana wawoyo sanachiiwale moyo wake wonse. Udokotala sunamuyendere bwino ku Haddington popeza madokotala analipo ambiri kuposa odwala otha kulipira, choncho anayamba kulemba nkhani m'nyuzipepala, ndipo kumapeto kwa 1838 anaitanidwa kukakhala mkonzi wa nyuzipepala ya Leeds Times, mumzinda wa mafakitale a nsalu kumpoto kwa England, ntchito imene anaigwira mpaka mu 1842.

Anthu amene amangomudziwa Smiles ngati mlaliki wa khama amadabwa akamva zimene ankalemba m'zaka zimenezo. Inali nthawi ya gulu lotchedwa Chartists, la anthu ogwira ntchito amene ankafuna kuti mwamuna aliyense wamkulu akhale ndi ufulu woponya voti ndiponso kuti voti iziponyedwa mwachinsinsi, ndipo mu 1840 Smiles anakhala mlembi wa bungwe la ku Leeds lomenyera kuti kasankhidwe ka aphungu a Nyumba ya Malamulo kasinthe. Ankadzudzula olemera obadwira m'maudindo, ankatsutsa malamulo okweza mtengo wa tirigu amene ankasautsa osauka, ndipo ankafuna kuti maphunziro afikire anthu wamba. Chimene chinamubweza m'mbuyo chinali kuona atsogoleri ena a gululo akulankhula zogwiritsa ntchito mphamvu, komanso kuona kuti zaka zikupita popanda lamulo losintha. Pang'ono ndi pang'ono anafika pokhulupirira kuti kusintha malamulo pakokha sikungakweze anthu ngati anthuwo sanasinthe makhalidwe awo, ndipo mu 1845 analowa ntchito ya ulembi pa kampani ya njanji ya Leeds and Thirsk, kenaka mu 1854 pa kampani ya South Eastern Railway, kumene anakhala mpaka mu 1866. Mabuku ake oyamba kutchuka anawalemba madzulo ataweruka ku ofesi.

Chiyambi cha Self-Help chili m'chaka chomwecho cha 1845, pamene kagulu ka anyamata ogwira ntchito ku Leeds, amene ankakumana madzulo kuti aziphunzitsana okhaokha kuwerenga, kulemba ndi masamu, kanamupempha kuti adzawalankhule. Anyamatawo ankachita lendi chipinda chotsika mtengo chimene kale chinagwiritsidwapo ntchito ngati chipatala cha odwala kolera, ndipo m'menemo ndi mmene Smiles anayamba kusimba mbiri za anthu amene anachokera pansi. Mfundo imeneyi ndi yoyenera kuisunga, chifukwa ikuonetsa kuti buku limene pambuyo pake linadziwika ngati la munthu wodzidalira yekha linabadwira m'gulu la anthu othandizana. Kampani ya Routledge inakana kulisindikiza, ndipo Smiles analisunga kufikira mbiri ya George Stephenson, katswiri wa sitima zapamtunda, imene anaitulutsa mu 1857, itamupatsa dzina. Self-Help inatuluka mu 1859 kwa wosindikiza John Murray, chaka choyamba chokha inagulidwa makope 20,000, ndipo pofika nthawi ya imfa ya mlembi wake makope oposa 250,000 anali atagulidwa. Inamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo ku Japan, kumene Nakamura Masanao anaimasulira mu 1871, inawerengedwa ndi m'badwo wonse wa achinyamata. Mabuku ena anatsatira, Character mu 1871, Thrift mu 1875 ndi Duty mu 1880, onena za khalidwe, za kusunga ndalama ndi za udindo. Mu 1871 Smiles anadwala sitiroko imene inamulanda luso lowerenga ndi kulemba, moti anachita kuphunziranso, ndipo anamwalira ku London pa 16 Epulo 1904.

Kalembedwe ka bukulo n'kosavuta kukafotokoza. Smiles ankatchula khalidwe limodzi, monga kupirira, kusunga nthawi kapena kusamala ndalama, kenaka n'kuunjika pamwamba pake mbiri za anthu ambirimbiri, ina pambuyo pa inzake, mpaka wowerenga atagonja. Stephenson anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka 18, akugwira ntchito pa mgodi wa malasha. Bernard Palissy, woumba mbale wa ku France, anatha zaka zambiri akufunafuna chinsinsi cha utoto woyera wonyezimira wokutira zoumba, ndipo tsiku lina nkhuni zitamuthera moto wa m'ng'anjo usanafike pake, anazula mpanda wa kudimba n'kuponya pamoto, kenaka matebulo ndi mipando ya m'nyumba, mkazi wake ndi ana akuthawira kwa anansi kukanena kuti bambo apenga. Smiles anaona pamenepo kupirira koyenera kutamandidwa. Nkhoswe ya Chichewa ikanamva mlandu umenewo ikanayamba yafunsa za mipando ndi za ana, ndipo funso lakelo silikanakhala lopusa.

Mwa anthu amene Smiles anawaika m'bukumo munali David Livingstone, amene anabadwa mu 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, nayamba ntchito pa fakitale yopota thonje ali ndi zaka 10, ndipo ankaika buku pamakina opotera kuti aziwerenga chiganizo chimodzichimodzi akamadutsa. Chaka chimene Self-Help inatuluka ndi chomwe Livingstone anafika pa nyanja ya Malawi, ndipo John Murray yemweyo ndiye anali atasindikiza buku la maulendo ake zaka ziwiri m'mbuyomo. Livingstone atamwalira mu 1873, mipingo ya ku Scotland inatsegula mishoni ya Livingstonia mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876, ndipo amishoni amenewa anali ana a dziko lomwelo limene linabala Smiles, lokhulupirira kuti kupemphera, kuwerenga ndi ntchito ya manja zimayendera limodzi. Kudzera mwa iwo ndimo mzimu umenewu unakwerera kumapiri a chigawo chapakati, ngakhale kuti amene anaufikitsa ku Dowa anali ochokera ku South Africa.

Andrew Charles Murray wa mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape anafika mu 1888 nayamba wakhala ndi amishoni a Livingstonia, ndipo mu Novembala 1889 iye ndi T.C.B. Vlok anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere ya Angoni. Dera limeneli linali losakhazikika. Angoni ankalanda ndi kulamulira midzi ya Achewa, ambiri anali atathawira m'mapiri ngati la Ntchisi kapena kudzitchinga m'malinga, ndipo kunyanja Jumbe wa ku Nkhotakota ankagula minyanga ya njovu ndi akapolo. Mu 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe, kumene lero kuli sukulu ya sekondale yotchedwa ndi dzina lake, mu 1896 kunatsegulidwa Nkhoma, ndipo mu 1908 Chinthembwe ku Ntchisi. Mishoni imeneyi inasiyana ndi ya Livingstonia pa mfundo imodzi yaikulu, yakuti sinkafuna kwenikweni kutulutsa makalaliki olankhula Chingerezi, koma Akhristu a m'mudzi owerenga Chinyanja, olima bwino ndi odziwa ntchito za manja. Anthu a m'derali akhala akudandaula, ndipo ndi zomveka, kuti mfundo imeneyi inawachedwetsa pa maphunziro apamwamba poyerekeza ndi anzawo a kumpoto, koma mfundo yomweyo ndiyo inachititsa kuti chinenero chawo chilembedwe, chisindikizidwe ndi kuwerengedwa m'midzi yambirimbiri.

Zipangizo za ntchito yolemba zinasonkhana pa Mvera. William Hoppe Murray anatsogolera kumasulira kwa Baibulo, ntchito imene mbali yake yaikulu inachitikira paphiri la Kaso pafupi ndi Mvera, ndipo Buku Lopatulika linasindikizidwa mu 1922. Mu 1909 mishoni inayamba kutulutsa magazini yotchedwa Mthenga, imene pambuyo pake inalowedwa m'malo ndi Kuunika, ndipo likulu litasamukira ku Nkhoma makina osindikizira a kumeneko anakhala gwero la mabuku a sukulu ndi a mpingo a chigawo chonse. Mpingo unakonzanso chilangizo, ndiwo mwambo wachikhristu wolowa m'malo mwa chinamwali, woyendetsedwa ndi alangizi osankhidwa ndi mpingo, ndipo m'kupita kwa nthawi zophunzitsa zake zinalembedwa. Apa mawu a anamkungwi, atasefedwa ndi kusankhulidwa, analowa papepala, ndipo liwu lakuti mlangizi linayamba ulendo umene unadzalifikitsa kwa alangizi a zaulimi a boma.

Nthara anabadwa mu 1905, mwana wa mphunzitsi wa mishoni yomweyi, naphunzira uphunzitsi n'kukhala mphunzitsi iye mwini. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 bungwe la ku London lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures linkachititsa mipikisano ya mabuku olembedwa m'zinenero za mu Africa, ndipo Nthara anapambana ndi buku lake la Nthondo, limene linasindikizidwa mu 1933. Thomas Cullen Young, mmishoni wa ku Scotland amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi, ndipo linatuluka ku London mu 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa, mawu oyamba atalembedwa ndi katswiri wa sayansi Julian Huxley. Dzina lakuti Nthondo si lachilendo m'mapiri amenewa, popeza ku Ntchisi kuli mfumu yaikulu ya dzina lomweli, koma munthu wa m'bukumo ndi wopeka. Nkhani yake imayambira pa kubadwa kwake, imadutsa mu unyamata wa kuba ndi kusamvera, imamutengera kutali kukafuna ntchito, kenaka imamubweza kwawo kumene amalongedwa ufumu ndipo pomaliza amatembenuka mtima. Chidwi cha owerenga a ku Ulaya chinali pa miyambo imene bukulo linaifotokoza mwatsatanetsatane, pamene kwa owerenga a kuno linali buku la malangizo lovala malaya a nthano, ndipo kukonzeka kwa Nthondo sikuonekera m'chuma chimene anapeza kunja koma m'mene anakhalira ndi anthu ake atabwerera.

Buku limene likuyandikana kwambiri ndi ntchito ya Smiles ndi Msyamboza, mbiri ya munthu weniweni, mfumu ya mudzi wa Chibanzi kufupi ndi Kongwe, amene anamwalira mu 1926 ali nkhalamba, ndipo Cullen Young analimasuliranso n'kulitulutsa mu 1949 ndi dzina lakuti Headman's Enterprise. Nthara anatola nkhaniyo kwa anthu amene anamuona Msyamboza ndi maso, ndipo chithunzi chimene chinatuluka chinali cha munthu amene Smiles akanamulandira ndi manja awiri. Anali mlenje ndi wamalonda amene anapeza mfuti kudzera m'minyanga ya njovu, anadziwa kukhala ndi Angoni popanda kuphwasulidwa, ndipo kulikonse kumene ankayenda ankabwerako ndi kanthu, kaya mbewu kaya nzeru. Anapatutsa madzi a mumtsinje ndi ngalande kuti azithirira mbewu m'chilimwe, analima tirigu pamene anansi ake ankadalira chimanga ndi mapira a dzinja okha, anachotsa gule m'mudzi mwake, nalandira sukulu ya mishoni, ndipo pambuyo pake anabatizidwa. Zambiri mwa izi anaziyamba ulamuliro wa Britain, umene unalengezedwa mu 1891, usanazike mizu m'mapirimo, ndipo ichi ndicho chinadabwitsa womasulira wake, amene pansi pa dzina la bukulo anawonjezapo mawu osonyeza kuti limeneli linali tsamba losayembekezeka m'mbiri ya pakati pa Africa. Kwa Azungu a nthawi imeneyo, ozolowera kulemba kuti Mwafirika sasintha kanthu pokhapokha atauzidwa, mfumu ya m'mudzi yoyesa mbewu zatsopano mwa kufuna kwake inali nkhani.

Komabe kufananako kuli ndi malire ake, ndipo malirewo ndiwo ofunika. Stephenson ndi Palissy a m'buku la Smiles amalimbana ndi umphawi, ndi kunyozedwa, nthawi zina ndi mabanja awo omwe, ndipo mphoto yawo ndi dzina ndi chuma chawochawo. Msyamboza sakanatha kukumba ngalande yekha, ndipo chuma chake chenicheni chinali anthu, chifukwa m'nthawi ya nkhondo ndi njala mfumu inkakula ndi chiwerengero cha amene abwera kudzakhala pansi pake atamva kuti kumeneko kuli chakudya ndi chitetezo. M'chikhalidwe cha Achewa, mmene munda umatsata mbumba, ndiwo alongo a munthu ndi ana awo, ndiponso mmene mwamuna wa chikamwini amalima kwa mkazi wake, munthu wolemera yekha pakati pa anjala sankatamandidwa, ankanong'onezedwa kuti ngokhwima, kutanthauza kuti chuma chakecho wachipeza ndi mankhwala oipa. Njira yovomerezeka yolimira munda waukulu inali dima, pamene mwini munda amafulula mowa kapena kuphika thobwa n'kuitana anansi kudzalima tsiku limodzi, podziwa kuti mawa adzapita kwa wina, pakuti mutu umodzi susenza denga. Nthara, amene analembanso Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo nzeru yake inali kusankha munthu wakhama amene khama lake silikanatchedwa kukhwima chifukwa mudzi wonse unadya nawo. N'zoona kuti bukulo linalembedwa ndi mphunzitsi wa mishoni ndipo limakondera mbali ya mpingo, makamaka pa nkhani ya gule, amene eni ake sanapatsidwe mpata wodziyankhira, koma pa nkhani ya chuma ndi mudzi Nthara analemba ngati Mchewa.

Otsutsa Smiles ku Britain ankati chiphunzitso chake chimasenzetsa wosauka mlandu wa umphawi wake ndi kubisa malipiro ochepa ndi malamulo okondera. Mlanduwu unali wopitirira muyeso, chifukwa Smiles sanaleke kudzudzula olemba ntchito ankhanza ndi kupembedza chuma, koma ku Nyasaland unali ndi pogwira poonekeratu. Kuyambira mu 1920, pamene A.F. Barron anayamba kulimbikitsa ulimi wa fodya wa chikopa, wochizidwa ndi utsi, ku Mbabzi m'boma la Lilongwe, alimi a ku Lilongwe ndi Dowa anaulandira ulimiwo mwachangu chimene palibe buku likanawaphunzitsa. Boma la atsamunda linayankha mu 1926 pokhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board, limene linkalemba alimi m'kaundula, kudula msonkho pa fodya wawo ndi kulamula malo ogulitsira, ndipo m'zaka za m'ma 1930 mitengo itagwa linachepetsa misika ndi chiwerengero cha olima. Mlimi akanatha kudzuka tambala woyamba, kusamala nazale ndi kusunga moto m'chigafa usiku wonse, koma mtengo unkakhazikitsidwa ndi ena. Amuna ambiri anaona kuti njira yopezera ndalama ya msonkho ndi ya malaya inali ya ku Halale kapena ku Joni, ndipo n'zoseketsa mowawa kuti bungwe limodzi lolemba anthu ntchito za ku Southern Rhodesia linkadziwika ndi dzina lakuti Mthandizi. Liwu lakuti thangata linayenda njira yomweyo, popeza poyamba linkatanthauza kuthandizana kwa anansi koma m'minda ya Azungu ya kummwera linasanduka dzina la ntchito yokakamiza.

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mabuku a malangizo anachuluka, makamaka boma litakhazikitsa mu 1948 bungwe losindikiza mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland. E.W. Chafulumira analemba Banja Lathu, John Gwengwe anadzalemba Kukula ndi Mwambo, ndipo Nthara mwini anawonjeza Nchowa ndiponso, mu 1964, mbiri ya Namon Katengeza, mmodzi mwa abusa awiri oyamba a mishoni ya Dutch Reformed amene anadzozedwa mu 1925. Maina a mabukuwa okha akusonyeza kumene mtima wa alembi unali, ku banja, ku mwambo ndi ku mpingo. Boma nalo linayesa njira ya chitsanzo m'zaka za m'ma 1950 posankha alimi ochepa oti akhale chitsanzo, amene ankapatsidwa bonasi akatsata malangizo onse a zaulimi, koma popeza nthawi yomweyo anthu ena ankalipitsidwa chindapusa chifukwa cha malamulo a malimidwe okakamiza mizere ndi migula, mlimi wotere ankaoneka ngati munthu wa boma wodzipatula kwa anzake, ndipo amene analowa anali ochepa. Dziko litalandira ufulu mu 1964 dzina lakuti mchikumbe linakhala la ulemu, Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene mu 1946 anali atakonza buku la Our African Way of Life pamodzi ndi Cullen Young yemwe uja, anatchedwa Mchikumbe Nambala Wani, ndipo unduna wa zamalimidwe unkatulutsa magazini ya Za Achikumbi imene alangizi ankaigawa m'midzi.

M'zaka zomwezo mawu akuti kudzithandiza analowa m'chinenero cha boma, koma analowa ndi tanthauzo la dima. Ntchito yodzithandiza inali ya mudzi wonse, monga kumanga chipinda cha sukulu, nyumba ya mphunzitsi kapena mlatho, ndipo chaka ndi chaka pa Sabata ya Achinyamata ana a sukulu ndi akuluakulu ankalambula misewu ndi kuumba njerwa, ngakhale kuti m'nthawi ya chipani chimodzi kukana kunali kovuta moti ena ankaitcha ntchitoyo thangata wachiwiri. Bungwe la MASAF, limene linayamba pakati pa zaka za m'ma 1990 ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, linatengera dongosolo lomwelo, lakuti mudzi usonkhe njerwa, mchenga ndi miyala, ndipo thumba la chitukuko ligule simenti ndi malata ndi kulipira amisiri. M'midzi ya kwa Msakambewa, kwa Chiwere, kwa Kalumo ndi kwa Nthondo, nyakwawa ikalengeza ntchito yotere, amuna amabwera ndi makasu ndi zikombole, amayi amatunga madzi oponda dothi, komiti imalemba m'kope maina a mabanja amene afika, ndipo banja limene silinatumize munthu limaitanidwa kubwalo kukafotokoza chifukwa chake uvuni usanayatsidwe.